Tenti ya Maliro Siyopita Nayo Kokacheza

Ndisanakambe chilichonse ndiyambe ndakuuzani mboni zanga, chifukwa ndikudziwa kuti muno m'komboni ya Kanyama, mu Lusaka, ukangodziwika kuti umaseketsa anthu, ngakhale unene kuti kunja kukugwa mvula amayamba atulutsa dzanja pawindo. Mboni yoyamba ndi ba mulamu anga, alongo ake a mkazi wanga, amene amagulitsa matayala akale m'mbali mwa msewu. Ndi munthu wabodza ndithu, koma pa nkhani iyi bodza silingawapindulire kanthu. Yachiwiri ndi ba dikoni a kutchalitchi kwathu, amene pa moyo wawo wonse ananamapo kamodzi kokha, ndipo bodzalo mukumana nalo kutsogoloku. Yachitatu ndi dzanja langa lamanja. Mukandipeza mudzawerenge zala nokha, sindilipiritsa.

Ntchito yanga ndi yokhoma matenti a maliro. Zovuta zikagwa m'komboni ine ndimafika achibale akumudzi asanakwere n'komwe basi. Tenti yanga ndi ya chinsalu cholemera chija cha kale, ndipo kutsogolo kwake amayi a kutchalitchi anasokererapo mtanda woyera. Imadziwika moti ndikamadutsa nayo pa wilibala agalu amayamba okha kulira. Tsiku lina ndinangoima pageti la mdala wina kuti ndimange chingwe cha nsapato, mdalayo anaitana ana ake n'kuyamba kuwagawira katundu. Akali moyo mpaka lero, koma alibe mpando.

Chaka china mvula inayamba mwaukali, ndipo inu a ku Kanyama mukudziwa zimene ndikunena. Madzi analowa m'nyumba mpaka achule anayamba kutiyang'ana ngati ife ndiye alendo. Ndiye Lachisanu lina ba mulamu anabwera atavala majombo, foni ili m'manja, n'kundionetsa zithunzi za anthu a ku mayadi atakhala pakhomo pa timatenti m'nkhalango, akuwotcha nyama, akuseka. Ati onani ba mulamu, ichi ni kempingi, banzathu balipira ndalama kuti bakagone mu thengo, manje ise tenti tili nayo kale, tiyembekeza chani? Ati nkhalango ya boma ili chabe apa kum'mawa kwa tauni, ni ya ise tonse, pamwamba pa phiri palibe na matope.

Mkazi wanga atamva anangoti tenti imeneyo imadziwa ntchito imodzi yokha, ndipo mukaipititsa kumene kulibe ntchito ikadzipezera yokha. Ine ndinaseka. Kodi alipo mwamuna amene anamverapo mkazi wake mlamu wake ali pomwepo? Tinakopa ba dikoni kuti ulendo uoneke waulemu, iwo anavomera pokhapokha titatenga mipando ya pulasitiki, chifukwa mawondo awo sagwirizana ndi kukhala pansi.

Loweruka m'mawa tinakwera minibasi. Kondakitala ataona mtanda pa tentiyo anazimitsa wailesi, ndipo mayi wina amene anakhala pafupi nane anandigwira paphewa n'kunena kuti pepani. Sindinafune kumukhumudwitsa, ndinangoweramitsa mutu. Tinatsika pamene tara amathera n'kuyamba kukwera phiri, ine tenti paphewa, ba dikoni mipando pamutu, ba mulamu atanyamula soseji ndi nkhani.

Kunena zoona malowo ndi okongola. Inali nyengo ya masuku ndi bowa, mitengo ili biriwiri, mpweya wopanda fungo la ngalande moti ba mulamu anayamba kutsokomola chifukwa mapapo awo sanauzindikire. Polowera panali chikwangwani cha boma choletsa kudula mitengo ndi kumanga nyumba, ndipo kuseri kwa chikwangwanicho kunali zitsa zatsopano ndi tizitsulo tokhomedwa pansi, tomangidwa timapulasitiki kumutu. Munthu aliyense wa mu Lusaka amadziwa tanthauzo la tizitsulo totero, kuti alipo anyamata amene akudula malo a boma n'kumagulitsa maploti. Tinaona, koma tinati zimenezo ndi za m'munsi, pamwamba pa phiri pakali pa boma.

Tsopano mvetsetsani mmene ine ndimagwirira ntchito, pakuti vuto lonse linachokera pamenepa. Ena amayamba ndi kuyala chinsalu. Ine ayi. Ndimayamba ndi kuyeza malo ndi mapazi, kenako ndimakhoma zikhomo m'makona, ndipo zikhomo zanga ndi zachitsulo, zopakidwa penti yoyera kumutu kuti olira asapunthwe. Ndikatero ndimakoka chingwe kuchoka pa chikhomo china kufika pa china kuti ndione ngati pawongoka, ndipo chinsalu chimabwera pomaliza. Ndiye tayerekezani kuti inu muli chapatali m'tchire, mukuona mlendo akuyeza malo ndi mapazi, akukhoma zitsulo, akukoka chingwe, wina wovala jekete atakhala pampando akuyang'anira ngati wogula. Mungati akuchita chiyani? Alipo amene anationa nthawi imeneyo n'kuthamanga kukanena.

Ife osadziwa kanthu tinamaliza kuimika tenti. Ndipo manja ali ndi chizolowezi chawo. Ndisanaganize n'komwe ndinali nditatembenuzira mtanda kunjira, nditandanda mipando panja mbali imodzi, nditakokera chikuni chachikulu kutsogolo n'kuchiyatsa kuti chizinyeka pang'onopang'ono. Ba dikoni atayang'ana anati pangotsala mtembo. Tinaseka tonse.

Anyamata a maploti aja anafika dzuwa litapendeka pang'ono, soseji ili pamoto. Anali ambiri kuposa zala zimene ndinali nazo tsiku limenelo, ena atanyamula zikwanje, ena matabwa a misomali. Wamkulu wawo anali wamfupi, wa dzino limodzi lachitsulo, ndipo anzakewo ankamutchula kuti ba komanda. Sanakuwe ayi. Anachotsa ba dikoni pampando ndi chala chimodzi, anakhalapo iye, anatola soseji pamoto n'kuyamba kudya, kenako anafunsa mwaulemu ndithu, ati ba mudala, ploti iyi mwagula kuli ndani?

Ba mulamu anaseka n'kutulutsa foni, ati iyayi ba komanda, si ploti, ni kempingi chabe, tabwera kupumula. Komanda anafunsa kumene tikuchokera, ndipo atamva kuti ku Kanyama anatembenukira anyamata ake, ati imwe, munamvapo muntu wa mu komboni asiya nyumba na mukazi kuti akagone mu thengo mahala? Onse anaseka. Ndipo ine pamenepo ndinaona kuti zoona zathu zinali zopusa kuposa bodza lililonse limene tikanapeka.

Thabwa loyamba linagwera ba mulamu pakamwa akali kuseka. Ndinaona dzino likugwera pamakala. Anawagwetsa, anawaponda m'nthiti mosinthana, kenako anadula chingwe changa chomwe n'kuwamangirira ku mtengo wa msuku, manja kumbuyo. Ba dikoni anakweza manja kuti tikambirane ngati anthu, koma wina anawamenya ndi chikwanje chafulati kumsana, mnzake n'kuwathira chidendene pa mawondo omwe aja, ndipo anagwa ngati thumba la chimanga. Palibe amene anawamanga, ankadziwa kuti sadzuka.

Komanda anapukuta mafuta pakamwa n'kufunsa amene wakhoma zitsulo. Funsolo linali laulemu chabe, popeza nyundo inali m'lamba mwanga. Anati mwezi wathawu linabwera gulu lina kudzakhoma zitsulo zawo pamalo ake, ndipo pa ndeu imeneyo mng'ono wake anamutema paphewa moti mkono sugwiranso ntchito. Ati kuchokera apo lamulo ni limodzi, kwanja yamene yakhoma isala kuno, mwine wake angayende.

Anandigwira anthu angapo n'kuika dzanja langa lamanja pachitsa. Anayamba ndi nyundo yanga yomwe. Phokoso lake linali ngati munthu waponda makoko a mtedza wouma, ndipo ndinalimva ndi makutu ululu usanafike. Utafika ndinaitana amayi anga amene anamwalira kalekale, ndinaitananso mkazi wanga ndi dzina limene sindimutchula pagulu. Kenako komanda anaimirira n'kulandira chikwanje, anachiyeza pamfundo ya dzanja kawiri monga amachitira ogulitsa nyama. Dzanja limenelo ndi limene limadyetsa ana anga. Munthu wa dzanja limodzi angakoke chinsalu chonyowa? Angakhome chikhomo pamwala wa ku Kanyama?

Chimene chinandithandiza ndi thukuta ndi mafuta a soseji. Chikwanje chikutsika ndinakoka ndi mphamvu zonse, mkono unapulumuka m'manja mwa wondigwirayo, ndipo chikwanje chinangopeza kachala kakang'ono ka kumapeto. Kanatsala pachitsa. Ndinathamanga, ndipo musandifunse chifukwa chake, m'malo mothawira kutchire ndinathawira mu tenti, ngati kuti chinsalu chili ndi loko. Thabwa linandipeza kunkhongo ndili pakhomo, ndipo kunada.

Nditatsitsimuka ndinali chagada, nkhope yanga itaphimbidwa ndi chitenje chimene mkazi wanga anakulungiramo buledi. Dzanja lolemera linali pachifuwa panga likukanikiza. Anali ba dikoni, anakwawa ndi zigongono mpaka kundipeza. Anandinong'oneza kuti mwafa, musagwedezeke, kenako anakweza mawu kuuza anyamatawo kuti mwapha munthu, mwapha bambo wa ana.

Kenako ndinayamba kumva akukambirana, ndipo apa ndilibe nthabwala yoti ndikupatseni. Wina anati tithawe. Komanda anati kuthawa n'kosavuta, koma awiri otsalawa aona nkhope zathu. Wina anakumbutsa kuti kuchigwa kuli uvuni wa makala umene angouyatsa kumene, ndipo atatu angakwanemo. Anayamba kukangana zoti ayambe ndi ndani, ndiponso ngati tentiyo ingagulike. Ndinamva ba mulamu akulira ngati mwana, akutchula mayina a ana awo mmodzimmodzi ndi pakamwa potupa. Magazi ankalowa m'khutu mwanga, dzanja likugunda ngati lili ndi mtima wakewake, ndipo ndinkaganiza za mkazi wanga kuti adzafunsa kuti, poti ngakhale manda sadzawaona. Mwina tsiku lina adzagula thumba la makala osadziwa.

Pamenepo ndi pamene kunamveka kulira kwa mayi kuchokera kunjira. Ndamva kulira kwamitundumitundu pa ntchito yanga, koma kotere ayi. Masuku anayoyoka m'mitengo, ndipo ba mulamu ali ndi umboni chifukwa ena anawagwera pamutu. Anali mayi wina wa m'midzi ya kuseri kwa phiri, amene ankazula bowa ndi anzake. Anaona tenti ya mtanda, mipando ili mbali imodzi, chikuni chikufuka, amuna ataimirira panja, ndipo mkati muli munthu wophimbidwa kumaso. Inu mukudziwa mwambo wake, mzimayi salowa pa maliro ali chete, ndipo sayamba wafunsa kuti wamwalira ndani. Amayamba kulira akali patali, mafunso amabwera pambuyo.

Anzake analandira kulirako, ndipo phiri linapereka uthenga kumidzi. Posakhalitsa tenti inadzaza. Azimayi anavula nsapato n'kukhala mondizungulira, azibambo anavula zipewa n'kukhala pansi mozungulira chikuni. Ba dikoni anandiuza pambuyo pake kuti anyamata aja anangoima zikwanje zili kumbuyo ngati ana a sukulu obisa mango, ndipo mmodzi anadula msanga chingwe cha ba mulamu anthu asanachione bwino. Sakanathawa, chifukwa theka la anthuwo linkadziwa amayi awo.

Kulira kutatsika, mayi wa bowa uja anafunsa kuti chachitika n'chiyani. Ndinamva mapazi a komanda akuyandikira pakhomo pa tenti. Ndinadziwa kuti ba dikoni akanena zoona, zikwanje zija zituluka kumbuyo, ndipo pavulala ngakhale azimayi osalakwa. Ba dikoni anakonza kukhosi monga amachitira asanawerenge zolengeza, n'kunena kuti m'bale wathuyu anakwera mumtengo kuthyola masuku, nthambi inathyoka, anagwa n'kumenyetsa mutu pamwala. Mayiyo anafunsa za pakamwa pa ba mulamu. Ba dikoni anati amayesa kumuwakha. Anafunsanso za anyamatawo. Ba dikoni anati awa ndi ana abwino, anamva kukuwa n'kubwera kudzathandiza.

Ndilo bodza lija. Taonani mmene linagwirira ntchito. Ngati munthu wagwa mumtengo ndiye kuti palibe wamupha, ndipo ngati palibe wamupha, mboni zoti ziwotchedwe palibenso. Akuti komanda anawayang'ana ba dikoni nthawi yaitali, kenako anavula kapusi n'kukhala pansi pamodzi ndi azibambo. Mayi uja anamuitana ndi dzina lake la ubwana, limene ngakhale ine wodulidwa chala ndikuchita nalo manyazi kulitchula, n'kumutuma kuti akapeze galimoto yonyamula mtembo. Anatumiza mnyamata wake mmodzi mothamanga.

Anthu amaganiza kuti kufa n'kovuta. Yesani kukhala mtembo muli moyo. Ntchentche inalowa pansi pa chitenje n'kuyamba kuyendera mphuno yanga chipinda ndi chipinda. Nyerere zinapeza dzanja lija. Azimayi anayamba nyimbo imene ndimaikonda, koma anaiyambira pamwamba kwambiri, ndipo ndinafuna kuwathandiza ndi besi. Choopsa kuposa zonse, bambo wina amene sanandionepo chibadwire anaimirira n'kunena kuti malemuwa anali munthu wofatsa, wosakonda zolankhulalankhula. Pamenepo ndinatsala pang'ono kufa zenizeni.

Mayi wa bowa anakhuthulira bowa wake pansalu n'kuyendetsa beseni kuti anthu aponyemo chipepeso. Ndinkamva likuzungulira. Ba mulamu, amene analandira besenilo ngati wachibale, akuti amene anaponya zambiri ndi komanda, ndipo ndalama yake inali ndi chidindo cha chala chofiira.

Itafika lole ya makala, mayi uja analamula anyamata omwewo kuti andinyamule, akwezenso tenti ndi anzanga awiri aja. Komanda anagwira kumutu. Ndinamva fungo la soseji yanga m'mpweya wake, ndipo chala chake chinali pakhosi panga, pamene mtsempha umagunda. Ndinasiya kupuma. Mtsemphawo sindikanauuza kuti usiye. Kaya anaumva kaya sanaumve, mpaka lero sindidziwa, koma anandigoneka pamatumba a makala mosamala ngati dzira. Kenako mayi uja anakwera kudzandikonza chitenje, anandiika kanthu kokulungidwa m'tsamba m'thumba la malaya, n'kuwerama ngati akutsanzika. Ati mwana wanga, bakufa sibachoka thukuta, limba chabe mpaka pa tara. Anatsika n'kuyambiranso kulira kuposa poyamba.

Ndinalimba mpaka pa tara. Matayala atasiya kugunda miyala ndinadzuka n'kupempha madzi. Mwini makala, amene anakhala pamwamba pa matumba, anadumpha lole ikuyenda. Ena amati anamuona kutali ku Chongwe akali kuthamanga, ine sindinganene zimene sindinaone.

Kuchipatala anandisoka kunkhongo n'kumanga zala zothyoka, zimene zinapola mokhota koma zimagwira nyundo. M'tsamba muja munali kachala kanga. Anati kachedwa, sikangabwererenso, ndiye ndinakakwirira kuseri kwa nyumba, ndipo madzi a chaka chotsatira anakatenga. Mkazi wanga sananene kuti ndinakuuzani. Anangoyang'ana tenti, n'kuyang'ana ine, ndipo zinawawa kuposa thabwa. Zokadandaula kwa akuluakulu zinavuta, chifukwa mboni yanga yodalirika inali itanena kale pagulu kuti ndinagwa mumtengo, ndipo ba dikoni anati kunama kamodzi kwawakwanira, sangakhale ndi malilime awiri pa nkhani imodzi.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti chinthu chikazolowera ntchito yake sichipita kutchuthi. Tenti ija inafika pamalo popanda maliro n'kuwaitana, ndipo maliro omwewo ndi amene anatitulutsa amoyo. Inu amene mukufuna kukapuma m'nkhalango za boma, pitani, ndi zanu, koma yambani mwapereka moni kwa anthu okhala m'munsi mwa phiri ndi kwa oyang'anira nkhalango, ndipo musakhome chitsulo pansi anthu asanaone chinsalu. Komanso mukadzaona mayi akulira maliro a munthu amene sakumudziwa, musadzamuseke.

Chinatsala ndi chipepeso chija. Ine ndinati ndi changa, popeza womwalirayo ndinali ine. Ba mulamu anati chipepeso ndi cha mkazi wamasiye, ndipo iwo akusungira mlongo wawo. Mlongo wawo atafunsa anamuuza kuti si wamasiye, abwere zikadzatheka. Tinakangana zaka, pa Khirisimasi iliyonse ndi pa maliro alionse. Mwezi wathawu anadwala malungo aakulu, ndipo ali chigonere anaona ine ndikudutsa ndi tenti pa wilibala pawindo lawo, ndikupita kwina ndithu. M'mawa mwake anafika okha pakhomo panga akunjenjemera, atanyamula kampango komanga mfundo, ati tengani ba mulamu, vonse vilimo, sininachotsepo olo imodzi.

Ananena zoona, koyamba. Zonse zinalimo, ngakhale ija ya chidindo chofiira. Zinali ndalama zakale zija za maziro ambiri, zimene boma linasintha kalekale, zoti lero sungagule nazo ngakhale machesi. Ndinazilandira ndi manja awiri monga mwa ulemu, zala zisanu ndi zinayi, ndipo ndinawathokoza m'malo mwa malemu.